Mapesi a Mayi Nachisale

Lachinayi, Okutobala. Dzuwa lawotcha tsiku lonse, mtima wanganso ukuwira.

Sabata yatha ndinaphunzitsa kalasi yanga ya akuluakulu, aja amabwera masana, za kusintha kwa nyengo. Tinaphimbira munda wa sukulu ndi mapesi kuti nthaka izisunga chinyezi, poti mvula masiku ano ikumadula chimanga chili m'mawondo. Mayi Nachisale, mmodzi mwa ophunzirawo, anasenza mitolo kuchokera kuseri kwa msika wa Thambani, mwana ali kumbuyo.

Lero ndapeza phulusa lokhalokha. A hedi alamula kuti mapesiwo atenthedwe, ati kukubwera alendo, ndipo munda wosatentha ndi wa mlesi. Atero pamaso pa ophunzira anga! Ine sindinawanyengerere. Ndati, "Bwana, chimanga chikadzafota, alendo anuwo adzabwere kudzathirira."

Mwina andisamutsa. Andisamutse.

Mayi Nachisale ayang'ana phulusalo nthawi yaitali, kenako ati, "Aphunzitsi, kumunda kwanga mapesi atsala. Bambo akunyumba akufuna kutentha Loweruka, ndikatuta asanayatse."

Mawa tiphimbiranso, kuyambira pazenera la ofesi ya a hedi. Akafunanso kutentha, adzayatse okha machesiwo, mayi aja akuona.