Matope Osanunkha

12 Januwale
Ku gombe la Sitakunda kuyambira m'mawa, nyanja itaphwa. Matope mpaka m'mawondo, pansi pa chombo chimene akuchidula ngati ng'ombe ya paukwati. Madigiri awiri, ntchito yake kuponda dizilo. Makala athu opangidwa ndi ndere tinawawaza pano miyezi isanu ndi umodzi yapitayo kuti agwire mtovu ndi mafuta a zombo. Mabotolo asanu ndi atatu a matope okayeza lero, otsala sabata yamawa. Amayi otola nkhanu andifunsa ngati ana awo angayambenso kudya za pano. Ndayankha ngati nduna: dikirani lipoti.

19 Januwale
Thupi moto, tsiku lachinayi. Ridoy, mnzanga kuyambira chaka choyamba ku yunivesite, wakatenga yekha mabotolo otsala. Wandibweretseranso madzi a kokonati. "Gona iwe, matope sathawa." Anthu abwino akadalipo.

27 Januwale
Zotsatira zatuluka. Akuti poizoni watha pafupifupi yense. A Pulofesa Mozumder, mkulu wa kafukufuku wathu, agawa maswiti a mkaka labotale yonse, mpaka kwa mwini malo ophwasulira zombo, amene masiku ano amabwera kuno ngati mkamwini. Akufuna satifiketi yoti gombe lake ndi loyera.
Ndatsegula botolo limodzi la Ridoy. Dizilo osamveka. Fungo la masamba owola, ndi tinkhono tamoyo. Pamalo pathu nkhono yomaliza inafa ine ndili ku pulayimale.
Anga asanu ndi atatu aja akuti anasweka. Onse, tsiku limodzi. Mabotolo ogwirizana bwanji!

28 Januwale
Ridoy sanakane n'komwe. Matopewo anakawatapa kumpoto, kutali ndi zombo. "Makala akugwira ntchito, Shampa, iwenso ukudziwa. Tangowathandiza kufulumira." Chopweteka n'chakuti akugwiradi. Mwina theka. Akanawapatsa chaka china.
A Pulofesa amulonjeza kalata yokaphunzira kunja. Ine andiuza kuti mwana wanga, usamakhale wouma mutu, sizikhala bwino kwa mtsikana. Mapazi awo ndinawagwira powapatsa ulemu tsiku lolandira digiri. Sopo wosambira m'manja alipo wokwanira?
Ndawauza kuti sindisaina. Pamapepala wotenga matope ndine, popanda dzina langa lipoti silituluka pakhomo. Ndayenda mpaka kokwerera basi ndikudzimva kutalika.

3 Febuluwale
Lipoti linapita dzana. Papepala, nkhanu za pansi pa zombo tsopano ndi ndiwo za ana.
Tsamba lomaliza ndaliona. Dzina langa. Siginecha yanga, ndi kamchira kamene ndimakapinda pansi pa S. Yokongola kuposa yanga yeniyeni.
Zaka zinayi ku yunivesite Ridoy ankandisainira m'kaundula wa kalasi ya m'mawa ine ndikuliza mkonono ku hositelo. Ndinamuphunzitsa ndekha, pabenchi ya wogulitsa tiyi, kupinda kamchirako. Ndinkamukalipira akalakwitsa.
Ndikakadandaula, funso loyamba lidzakhala lakuti anaidziwira kuti.
Wophunzira wanga yekhayo amene anakhoza.