Chitenje Changa Chili kwa Felesiya

Amayi anga, kodi kumeneko mumadzuka bwanji masiku ano?

Ndine Marita, mwana wanu woyamba, uja munkati pakamwa pake sipapuma. Kuno ku Kabudula tilipo ndithu. Mvula chaka chino inabwera bwino, chimanga chadzaza nkhokwe, koma mtedza watikana chifukwa tinachedwa kubzala. Amuna anga, bambo a Tiyamike, kulima fodya anasiya, akuti msana. Mbuzi yanu yamawanga ija inafa ndi ukalamba, koma yasiya zidzukulu zodzaza khola, zonse zakuba ngati iyo yomwe. Kwa achimwene a Yohane kwabadwa mwana wamkazi, amutcha dzina lanu, ndipo akayamba kulira mudzi wonse umadziwa kuti mwabwerera.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tiyamike. Uja munamusiya akuthamanga ndi kope la kupulaimale wapeza banja, mnyamata wa ku Nsaru wokonza njinga zamoto, ndipo chinkhoswe tinachita mwezi watha. Ndikuuzani zonse, koma ndiyambe ndi zimene simukuzidziwa.

Matenda anakutengani aja anabweranso pakhomo, ulendo uno kwa ine. Ndinamva kachotupa m'bere lakumanzere ndikusamba. Inu munabisa chanu m'chitenje mpaka chinaphulika, ine ndinathamangira kuchipatala sabata yomweyo. Ananditumiza ku Lilongwe, anati ndi khansa, bere anachotsa. Mankhwala a m'diripi anandithothola tsitsi lonse, ndi nsidze zomwe. Tsitsi linameranso, bere ayi. Pamalo pake ndimaikapo kansalu kopindapinda, ndipo ndikawerama polima kamagwera mumzere.

Ponditulutsa, anamwino anandikhazika pansi. Anati, "Mayi, mapiritsi mukamwe awa amanenepetsa, ndiye musalole thupi kuchuluka, chifukwa likachuluka matendawa savuta kubwerera. Mafuta ndi shuga muchepetse, masamba muchulukitse, ndipo muziyenda ndithu mpaka thukuta." Ndinaseka, Amayi. Ndinakumbukira inu mukundiwonjezera mtanda m'mbale, muli, "Idya iwe, mkazi woonda amachititsa manyazi nkhokwe ya mwamuna wake." Koma ndinamvera anamwinowo. Mandasi ndinasiya, nkhumba ya pachiwaya ndinasiya, tiyi ndimamwa wopanda shuga ngati ndalakwira munthu. Chakudya changa ndi mgaiwa pang'ono, nyemba, nkhwani, bonongwe ndi chisoso.

Kuyendako ndiye kunandivuta. Kwathu kuno munthu sayenda wopanda kopita, mukudziwa. Nditangoyamba kuzungulira kudambo m'mawa chimanjamanja, ena anati mankhwala aja andisokoneza mutu, ena anati ndili ndi mwamuna kumadimba. Ine, wa bere limodzi! Ndiye ndinapeza nzeru. Ndimanyamula ndowa, n'kupitirira mjigo wapafupiwu, n'kukafika ku mjigo wa kuseri kwa dambo. Madzi ndimangothira a pansi pa ndowa, poti dzanja la mbali yodulidwayo silifuna zolemera. Tsopano akuti ndinayambana ndi amayi a pamjigo wathu. Zimenezo bola, munthu woyambana ndi anzake amamupatsabe moni.

Ndiye pali Felesiya, mng'ono wanga, mwana wanu wapamtima. Musakane, Amayi, tonse tinkaona. Thupi lanu lonse munasiyira iye, khosi lamizere lija, mikono ija, mayendedwe aja. Akalowa m'tchalitchi anthu amatembenuka, amvekere, "Ee, aNaphiri adzuka!" Ine ndikalowa amandisunthira pabenchi ngati ndigwa, n'kumandinong'oneza kuti, "Pepanitu, mukupezako bwanji?" Pepani wa chiyani? Ndinachira ine! Pogawa zovala zanu, diresi yanu yobiriwira ija anapatsa iye, akuti ndiye angaidzaze. Ine anandipatsa duku. Ndili ndi nsanje, sindibisa. Iye amadya chilichonse chimene maso ake aona, mawere ake onse awiri ali pompo, ndipo anthu amamutcha wathanzi. Ine ndimadzimana, ndimatuluka thukuta mame asanaume, ndipo dzina langa ndi wodwala uja.

Tsiku la chinkhoswe litayandikira, Felesiya anabwera ndi beseni la mandasi ndi nyama ya nkhumba yonona. Anati, "Achemwali, idyani mubwezeko thupi. Akuchimuna akakuonani chonchi adzati mtundu wathu uli ndi matenda, mumuonongera mwana banja." Mawu amenewo anandilasa. Ndinadziyang'ana pagalasi, mafupa a m'khosi ali poyera, ndipo ndinati mwina akunena zoona. Ndinadya, Amayi. Masiku angapo ndinadya ngati ndikubwezera, ndowa ndinaisiya pakhonde. Mandasi aja kukoma kwake, mayo ine!

Amene anandiletsa ndi inu. Tsiku lina ndikunyambita mafuta kuzala, ndinakumbukira m'mene ndinkakusambitsirani masiku omaliza aja. Thupi linali lonse, mikono ili nenenene, anthu obwera kudzazonda akuti, "Aa, awa achira, taonani thupi." Koma ine ndi amene ndinkachotsa chitenje n'kuona bala lija. Tinakuikani m'manda muli onenepa, Amayi, adzukulu akumanda mpaka anadandaula ponyamula bokosi. Nyama yotsalayo ndinapatsa bambo a Tiyamike, m'mawa mwake ndinatolanso ndowa yanga.

Tsikulo linafika. Tiyamike anali atabisidwa m'nyumba ndi anzake, kudikira nthawi yotuluka atafundidwa zitenje kuti akuchimuna asankhe wawo. Ine ndinali kuseri kuona za ndiwo, nditavala diresi yanga yatsopano, kansalu kanga nditakamanga ndi pini kuti kasandichititse manyazi povina. Ndinamva nthungululu, ndinadziwa kuti a ku Nsaru afika, ndipo ndinatuluka ndikupukuta manja. Ndinapeza amayi a mnyamata, asewere anga, amene tinali tisanaonanepo, atagwada pamaso pa Felesiya. Iye anali atakhala pampando pakhonde langa, atavala diresi yanu yobiriwira. Asewerewo anatulutsa chitenje chatsopano chimene anagulira mayi wa mkwatibwi, n'kumumanga m'chiuno, akuimba, akuvina, amvekere, "Zikomo asewere potilerera mwana! Taonani thupi, mwana wathu akuchokera pabwino!"

Ndipo Felesiya anangochilandira. Ankamwetulira, Amayi! Pambuyo pake anandiuza kuti anasowa polowera, akuti sakanawadula pakamwa alendo. Bodza. Ndimamudziwa mwana wanu, zinkamukomera. Mayi wina wa ku Nsaru anandiona nditaima pamenepo, n'kundipatsira mtolo wake, amvekere, "Mayi, tatiikirani uwu m'nyumba, koma ngati simukupeza bwino tiuzeni." Ndinaulandira. Ndinaima ndi mtolo wa eni pakhomo panga pomwe, mwana ndinabereka ndine, ndinamuyamwitsa bere lomwe analidulalo, ulemu wake akulandira wina chifukwa cha mafuta.

Kenaka chitseko chinatseguka. Tiyamike ankaonera pazenera, ndipo anatuluka nthawi yake isanakwane, wosafunda, azakhali ake akumukoka mkono. Ankhoswe anagwira pakamwa. Tiyamike anadutsa pakati pa alendo, anandilanda mtolo uja n'kuuika pansi, n'kugwada pamapazi anga. Anati, "Pepani nonse, mwalakwitsa. Amayi anga ndi awa. Mako ndi mako angachepe mwendo, koma awa sanachepe ndi njala kapena matenda. Amadzimana dala kuti adzanyamule ana anga." Ndinalira, Amayi, pini inamasuka, kansalu kanatsetsereka, ndipo sindinasamale. Asewere anachita manyazi koopsa, anagwadanso kachiwiri, ulendo uno pamalo poyenera. Mwambo wosankha mkwatibwi unaonongeka, poti aliyense anali atamuona kale, komabe anamufunda ndipo mnyamata ananamizira kufunafuna, anthu ali kuseka. Tambala ndi msoti anasinthana bwinobwino.

Koma chitenje chija Felesiya sanabweze. Akuti chomangidwa kale sichimasulidwa, n'kulaula alendo. Asewere alonjeza kundigulira china, koma ine ndikufuna chomwecho. Lamulungu lapitali anachivala kutchalitchi, pamwamba pa diresi yanu, ndipo Misa yonse sindinamve ulaliki.

Potuluka ndinamukokera pambali. Ndinkafuna kumunena za chitenje, koma m'kamwa munatuluka zina. Ndinati, "Felesiya, matendawa anatenga amayi, ine anandiluma. Anamwino ananena kuti abale anga aakazi azikayezetsa. Tiye Lachiwiri, ndikuperekeza." Anaseka, n'kudzimenya pachifuwa, amvekere, "Achemwali, tandiyang'anani bwino. Ine ndikuoneka ngati wodwala?" Ndi mawu anu enieni aja, amene munandiyankha pansi pa mtengo wa mango nditakufunsani chifukwa chimene munkagwirira bere potsokomola. Ngakhale kaimidwe kanali kanu.

Ndiye ndili ndi pempho. Pa chilichonse munkayamba kuitana iye. Chiwindi cha nkhuku, Felesiya. Ulendo wa kumsika ku Msundwe, Felesiya. Ine ndinkatsala ndi mbale zotsuka ndi mkwiyo wanga. Ulendo uno musamuitane, Amayi. Mwamusiyira thupi lanu, diresi yanu, ndi kuuma mutu kwanu, basi zakwana, bala lija musamusiyire. Ngati mumabwera kumaloto, pitani kwa iye mukamukalipire, poti inu nokha ndi amene amakumverani. Ine Lachiwiri ndikamugogodera ndithu, akakana ndidzapitanso Lachiwiri linalo. Ndikufuna adzakalambe ndikumuchitirabe nsanje.

Mupereke moni kwa abambo, muwauze kuti mtengo wa mango uja ukuberekabe. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale munkakondera. Ndakusowani kwambiri, koma musandiyalire mphasa msanga. Mawa m'mawa nditola ndowa yanga, ndipo ndikukulonjezani kuti kumeneko ndichedwa kubwera.

Ndine mwana wanu woonda uja,
Marita