Ndinaluka Mawaya a Pampu, Tsopano Akuti Ndili ndi Dzanja Loipa

Aphungu,

Ndi m'mawa, mwera ukuwomba moti pepalali ndalipsinja ndi mwala. Pagulu mawu amandithawa, n'chifukwa chake ndalemba.

Ndimayang'anira pampu ya sola ya kalabu yathu ya dimba. M'chitsime muli kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamauza bokosi la pampu kuti madzi atha, lizimitse mota. Mwezi watha ndinaona mawaya ali mbwee pansi, mbuzi zikukodwamo. Ndiye ndinatenga kawaya ka sensa ndi chingwe chachikulu cha mota n'kuzipotera pamodzi ngati ndikuluka tsitsi, n'kumanga ndi tinsanza ta chitenje. Zinakongola ndithu.

Chiyambireni tsiku limenelo, pampu ikalira pang'ono imazima yokha, bokosi n'kuyatsa getsi lofiira loti madzi atha, chonsecho chitsime chili chodzaza. Tomato wathu akufota. A Habibu, apampando athu, anati, "Isanakudziwe pampuyi inalibe matenda. Uli ndi dzanja loipa, mwana iwe." Amayi Flossie, amene dimba lawo lili pafupi ndi chitsime, anati, "Kapena ikufuna mwamuna." Onse anaseka, ine ndinangoyang'ana zala zakumapazi. Loweruka asankha wina m'malo mwanga. Kodi ndilidi ndi tsoka?

Ndamaliza kulemba Lachitatu, 10 koloko m'mawa.

T.M., Kanyenda

Mwanangu T.M.,

Tsoka ulibe. Chakupweteka ndi ukhondo.

Chingwe cha mota chimasokosa ngati woitanira minibasi pa Boma, pomwe sensa imanong'ona ngati iweyo. Wazigoneka pamodzi, ndiye bokosi likumva phokoso la magetsi a mota n'kumayesa kuti sensa yati madzi atha.

Zimitsa kaye magetsi onse ochokera ku sola, udikire mphindi khumi chifukwa bokosilo limasunga moto. Kenako masula zoluka zakozo. Kawaya ka sensa kadutse njira yakeyake, kutalikirana ndi chingwe cha mota mkono wathunthu. Pamene palibe pothawira, zidutsane mopingasa ngati mtanda, osati kuyenda limodzi. Mbuzi uzitchingire ndi minga.

Pampu ikapitirizabe misala, mmisiri wamagetsi aike waya wa sensa wokutidwa ndi ukonde wachitsulo, ukondewo aulumikize ku waya wopita m'nthaka, mbali ya bokosi yokha.

Zomasula mawayazo uchite Lachisanu, a Habibu ataima pomwepo. Uvomere kuti unaluka ndiwe, ngakhale mawu anjenjemere. Ukakonza mobisa, adzati pampu yachira itamva kuti ukuchoka.

Koma bokosilo usalitsegule wekha. Magetsi a sola sakhululukira munthu chifukwa ndi wofatsa.

Madzi akayamba kuthovoka, uwauze amayi Flossie kuti pampuyo sinkafuna mwamuna. Inkangofuna kuti mawaya ake azigona zipinda zosiyana.

Aphungu