Kamunthu kofiira ka m'galimoto ya Tisungeni

Gulu: Mpando wa aBaba
Amayi, Tisungeni, Che Faruku makaniko

Lachitatu

[14:06] Amayi: che faruku mwachokelanji osatsanzika. mpando watha kapena ayi

[14:09] Che Faruku: watha amayi. ukuzungulira mpaka kuyang'ana kuchitseko. abambo a Maliro azingokhala ngati pa sofa, kenako inu nkuwatembenuza basi

[14:10] Che Faruku: bokosi la masipanala ndasiya pakhonde, ndinakwera kabaza. nditenga mawa

[14:22] Tisungeni: zikomo che Faruku. amayi plz musayese kuwakweza aBaba nokha, ndifika Friday

[14:23] Amayi: miyezi 9 chigwele sitiroko, osayenda osayankhula, amawanyamula ndani. iweyo?

[14:24] Amayi: loweluka Mwai akukwatiwa ku zomba. mwana womaliza. abambo ake akakhalapo olo ndiwabeleke kumbuyo

[14:31] Tisungeni: che Faruku, pulagi yachikasu ya pansi pa mpando ija. munayamba mwachotsa battery musanaizule monga tinagwirizana?

[15:02] Tisungeni: che Faruku?

[16:47] Che Faruku: zonse zili bho sister 👍

Lachinayi

[07:12] Amayi: [chithunzi]

[07:13] Amayi: 🎤 uthenga wa mawu 0:38
Tisu, tadzuka uone. Ine ndimati ndipukute galimoto yako ya kabedi ndi kafilijiyi, azungu ako umawabwereka kuti azigonamo paulendo aja anasiya fumbi la kuphiri lonse muno. Ndiye ndayatsa kuti abambo ako amvereko wailesi pawindo. Ndikupukuta pagalasi la mawotchi apa, nsanza yakoka kakuda, kali ngati tepi ya mawaya ija. Kuseri kwake kuli kamunthu kofiira kakhala pansi, kanyamula chimpira pamiyendo. Ndi chani chimenechi? Ndimatenso?

[07:15] Tisungeni: AYI musamate

[07:15] Tisungeni: imeneyo ndi nyali ya airbag. dzana kunalibe tepi pamenepo

[07:16] Amayi: eyabagi nchani. yankhula zomveka ndili ndi maungu pamoto

[07:19] Tisungeni: ndi chibaluni chobisika kutsogolo ndi m'mbali mwa mpando. galimoto ikagunda chimafufuma msanga kuti munthu asamenyetse mutu. kamunthuko kakamayaka osazima ndiye kuti pali vuto, mwina sichingatuluke nkomwe. ngakhale lamba mwina sangakoke bwino

[07:20] Amayi: ine ndakalamba ndikukwela ma minibasi a pa songani opanda baluni. ndafa?

[07:21] Amayi: galimoto ikuyenda mpando ukuzungulila. zinazo nzachizungu

[07:24] Tisungeni: amayi, mu minibus driver akaponda brake mwadzidzidzi mumatani

[07:24] Amayi: ndimagwila mpando wakutsogolo

[07:25] Tisungeni: aBaba adzagwira ndi dzanja liti

[07:58] Amayi: che faruku

[07:58] Amayi: che faruku ndikuona timizele tiwiri tabuluu. mwawelenga

[08:03] Amayi: bokosi lanu lili pansi pa bedi langa. chitseko ndakhoma kiyi ali mumpango

[08:11] Che Faruku: amayi ndili ndi ntchito ya Canter lero, ma tools onse ali mmenemo

[08:11] Amayi: ndiye kantayo muimate tepi

[08:26] Che Faruku: 🎤 uthenga wa mawu 1:14
Sister, amayi, tepi ndinamata ndine, sindikana. Koma ndinene zonse. Dzulo ndinafika ndi sipanala kuti ndimasule batire. Amayi anandigwira mkono. Amati magetsi anazima kuyambira Lolemba, nkhuku zonse za ukwati zili m'kafiliji ka m'galimotomo, ndikachotsa batire ziwola. Nkhukuzo ndinazinga ndine Lachiwiri kuti alendo achisilamu nawonso adzadye, ndikuzidziwa. Ndinati mphindi makumi atatu zokha, iwo amati olo imodzi ayi, ukakhudza batire usadzapondenso pano. Ndiye ndinangozula pulagi batire ili momwemo. Nditamaliza, nyali yayaka. Ndabwezera pulagi, osazima. Amayi anali ataima pachitseko ndi chipande m'manja kufunsa kuti watha? watha? Ine ndinaopa. Ndinalakwa, pepani.

[08:29] Tisungeni: amayi ndi zoona?

[08:45] Tisungeni: amayi

[09:30] Tisungeni: 📞 simunayankhe

[10:52] Amayi: nkhuku ndasamutsa. zili kwa Agatha kunyumba za aphunzitsi, kuli magetsi. ndasenza pamutu maulendo atatu

[10:53] Amayi: batile yanuyo chotsani mukagone nayo kwanu ngati mukufuna

[10:53] Amayi: chipande ndinali nacho chifukwa ndimaphika

[10:55] Tisungeni: 😂 che Faruku kumeneko ndiye kupepesa kwawo, landirani. kwina simudzakumva

[10:57] Che Faruku: ndalandira amayi

[10:57] Amayi: tepi munamatabe ndinu

[11:04] Che Faruku: eya. tsono njira zilipo ziwiri. pali kachitsulo kakang'ono timalowetsa mu pulagi, nyali imazima lero lomwe. kapena tidikire Mubarak wa ku town ali ndi computer yowerenga vuto, koma iye mpaka mawa

[11:05] Amayi: yalero yomweyo

[11:07] Tisungeni: che Faruku auzeni kachitsuloko kamachita chani kwenikweni

[11:10] Che Faruku: kamanamiza galimoto kuti zonse zili bwino. nyali imazima koma chibaluni cha mumpando chimakhala chosalumikizidwa

[11:11] Amayi: ndiye ndi tepi yomweyo koma yobisala mkati

[11:11] Che Faruku: tingatero

[11:12] Amayi: munthu iwe. aitaneni a kompyutawo

[11:14] Tisungeni: kuona maso a nkhono nkudekha amayi

[11:14] Amayi: nkhono sinakwatitsepo mwana

[11:20] Che Faruku: nanga bokosi langa

[11:21] Amayi: mawa muzinena sipanala yomwe mukufuna ndizikupatsani imodzi imodzi pawindo

Lachisanu

[09:40] Che Faruku: sister ndachotsa batire, ndadikira kaye ndisanagwire pulagi. ndamasula mpando. onani

[09:41] Che Faruku: [chithunzi]

[09:43] Che Faruku: waya wachikasu ndinaudutsitsa m'mbali, ndiye mpando ukazungulira chitsulo chimaupana. wayamba kusupuka. zikanapitirira ukanaduka

[09:46] Tisungeni: eish. mbale yachitsulo yozungulira ya pansi pa mpandoyo ili ndi bowo pakati, pepala lake likuti waya udutse pamenepo ndipo usakhale wokoka. osalumikiza ndi tepi plz, Mubarak abweretse wina wabwino

[09:47] Che Faruku: ndamuuza kale, ali nawo

[09:50] Amayi: ndawapatsa 13 ndi 17. akuti akufunanso pulayala. ndikuganiza kaye

[12:05] Amayi: athawa

[12:05] Amayi: mpando uli pansi pa mtengo wa mango galimoto ili yasaa iwo kulibe

[12:06] Amayi: che faruku

[12:19] Amayi: CHE FARUKU

[12:31] Amayi: Tisu ukwati ndi mawa. abambo ako ndawameta kale ndevu. suti yawo ndasita yapachikidwa pachitseko akungoiyang'ana kuyambila mmawa

[12:32] Amayi: ndikawauza chani

[12:36] Tisungeni: amayi lero ndi Friday. ali ku mzikiti

[12:37] Amayi: oo

[12:38] Amayi: apemphelelenso waya

[13:48] Che Faruku: tili pa Naisi ndi Mubarak, tikubwera pa njinga yamoto

[15:20] Amayi: 🎤 uthenga wa mawu 0:29
Tisu, kayakanso! Amangirira zonse, a kompyuta aja abaya kachingwe kawo pansi pa chiwongolero, akuti tafufuta, tafufuta. Ndati chokani ndiyatse ndekha. Ndangopotokola kiyi, kamunthu kaja ngwee, ndi chimpira chake chomwe. Anthu awa akundiyesa chitsiru. Iii dikira. Kazima. Kazima kokha.

[15:23] Tisungeni: ndi mmene kamayenera kuchitira 🙏 mukayatsa kayake pang'ono kenako kazime kokha. kakapanda kuyaka nkomwe ndiye kuti wina wachotsa babu. kakayaka osazima ndiye vuto

[15:24] Amayi: ndiye kamayamba kapeleka moni

[15:24] Tisungeni: eya kkkk

[15:52] Che Faruku: sister tithandizeni. andikhazika pampando, akundizunguza uku ndi uku, akayatsa, akazimitsa. kafika ka 20. mutu ukuzungulira

[15:53] Amayi: waya uja mpando unkaupana pozungulila. ndiye ndikuzunguza

[15:58] Amayi: 30. kakupeleka moni nkuzima nthawi zonse

[16:10] Amayi: tsono mawa abambo ako ndiwatembenuza ayang'ane kumbuyo. ine ndikhala pakabedi kaja tiziyang'anana mpaka ku zomba

[16:12] Tisungeni: ayi amayi. kuzungulirako nkokwerera ndi kutsikira basi. galimoto ikamayenda mpando uyang'ane kutsogolo, ulokedwe mpaka umveke kulira, lamba amange. chibaluni ndi lamba anazipangira munthu woyang'ana kutsogolo

[16:13] Tisungeni: ndipo inu pabedi ayi, palibe lamba. mukhala mpando wa kumbuyo kwawo

[16:15] Amayi: iwe sudziwa

[16:21] Amayi: malovu amatuluka mbali yakufayo iwo osamva. ndimapukuta ine asanaone munthu. akafika kutchalitchi kolala yanyowa pamaso pa asebele athu? munthu anali mkulu wampingo zaka 20

[16:30] Che Faruku: amayi, chotchingira dzuwa cha mbali yawo chili ndi kagalasi. tikachitsitsa nkuchipendeketsa, inu muli kumbuyo muziona pakamwa pawo. dzanja lanu lifika podutsa paphewa. tayesani pompano, ndikhala ine

[16:44] Amayi: zikuoneka

[16:44] Amayi: ndawapukuta che faruku ndi nsanza ya galimoto

[16:45] Che Faruku: inali ya oil amayi

[16:50] Tisungeni: 😭😂 ndili pa Zalewa, ndifika usiku womwe uno

[16:52] Amayi: iwe mawa ukamuveke mng'ono wako. oyendetsa ndi che faruku

[16:53] Che Faruku: ine?? Loweruka ndi tsiku la ntchito amayi

[16:53] Amayi: amene wamanga mlatho ayambe kuwoloka yekha. bokosi mukalandila ku zomba

[16:55] Che Faruku: ndiye nkhuku ziwiri zootcha ndipite nazo kwa ana

[16:55] Amayi: imodzi

[16:56] Che Faruku: imodzi ndi theka

[16:56] Amayi: imodzi ndi nthutumba zonse. mpunga wa kumunda kwathu mudya mpaka mukane nokha

[16:57] Che Faruku: tapangana

Loweruka

[07:41] Tisungeni: tili ku salon ndi Mwai, akungofunsa za aBaba. mwanyamuka?

[07:55] Amayi: akwela okha ndi mwendo wabwinowo. mpando tatembenuza walila. lamba tamanga. kamunthu kapeleka moni kazima

[07:56] Tisungeni: 🙏🙏 inu lamba?

[07:56] Amayi: akundifinya mabele koma ndamanga

[08:09] Amayi: tadutsa mlatho wa domasi. akungoyang'ana minda

[08:17] Tisungeni: ali bwanji

[08:24] Tisungeni: amayi?

[08:33] Tisungeni: amayi yankhani plz, Mwai wayamba kulira make up ikuonongeka

[08:35] Tisungeni: 📞 simunayankhe

[08:41] Amayi: 🎤 uthenga wa mawu 0:47
Iwe usandisokose, manja anali otanganidwa. Pa Songani mbuzi inadumphira mumsewu, che Faruku aponda buleki, madengu onse kumbuyo kuno gubudu. Abambo ako lamba wawagwira, sanasunthe olo pang'ono. Ndiye ndatambasula dzanja ndi kansalu kuti ndiwapukute, iwo andigwira ndi dzanja labwinolo, alikankhira kumbali. Ayankhula, Tisu. Mawu atatu onse omveka, che Faruku ndi mboni. Akuti, Fyness, ukunditchinga msewu.

[08:42] Tisungeni: 😭😭😭

[08:43] Tisungeni: Mwai akuti bwerezani, akufuna amve yekha

[08:45] Amayi: akamva yekha akafika. muuze asiye kulila ndalipila nkhope imeneyo

[08:46] Amayi: tili pa naisi. kolala ndi youma