Za sukulu ya Yohane ndi Esinati

Achimwene,

Landirani moni wathu kumeneko ku Halale. Kuno ku Chonde tili bwino, kungoti amayi mwendo uja umawavutabe kukazizira.

Ndalemba chifukwa cha ana a chemwali athu, Yohane ndi Esinati. Onse awiri amaliza sukulu ya pamudzi, ndipo aphunzitsi anabwera kudzanena kuti apite ku mishoni. Kumeneko kumafunika ndalama ya sukulu, sileti ndi nsalu yabwino yovala. Alamu, bambo a anawo, anayankha kuti chimanga chinapsa ndi dzuwa chaka chatha, msonkho wa nyumba sanapereke, choncho angathe kutumiza mwana mmodzi yekha. Anasankha Yohane.

Aphunzitsi anati, "Koma amene amawerenga bwino ndi Esinati."

Alamu anati, "Yohane akadzakhala kalaliki azidzatilipirira msonkho. Esinati azikathyola tiyi kwa mzungu."

Chemwali anati, "Yohane akadzakwatira adzapita chikamwini kwa eni ake, monga munabwerera inu kuno. Amene adzatsale pamudzi pano ndi Esinati."

Zitatero, aphunzitsi anangotsanzika. Mpaka lero anawo ali pakhomo, akupalira m'munda.

Inu ndinu malume awo, ndiye onse akudikira mawu anu. Ngati mungathe kutumiza kangachepe, apita onse awiri. Ngati simungathe, lembani dzina limodzi, ine ndidzawawerengera monga momwe mwalembera. Chonde musachedwe, sukulu itsegulidwa tikakolola.

Mulungu akusungeni pantchito yanu.

Ine mphwanu,
Petulo