Kalaliki akuti nditchule dzina la malemu amuna anga

Aphungu,

Ine sindidziwa kulemba. Amene wagwira cholembera ndi mpongozi wanga Urmila, mkazi wa mwana wanga Brijlal, yemwenso amandiwerengera tsamba lanu la malangizoli m'nyuzipepala tikamasankha mphodza pakhonde. Ndamuuza kuti alembe momwe ndikuyankhuliramu, asakonze kalikonse. Ndiye mukaona kuti nkhani ikuyenda pang'onopang'ono mundipirire, ndi mmene ndimayendera masiku ano.

Amuna anga anamwalira chaka chatha, mvula itangosiya. Anali woumba, monga analili bambo awo. Ankaumba mitsuko, timakapu tomwera tiyi, ndipo Diwali, chikondwerero chathu cha nyale, ikamayandikira ankaumba nyale zadothi mpaka pabwalo kusowa poponda. Ine yanga inali kuponda dothi ndi kuyanika. Mmawa wina ali pagudumu lawo loumbira ananena kuti mkono ukuchita dzanzi. Dzuwa lisanafike pamutu anali atatisiya.

Miyambo ya maliro itatha, Brijlal anazungulira m'maofesi kundilembetsa penshoni ya amayi amasiye, kenako anabwerera kumzinda wa Surat kumene amagwira ntchito yowomba nsalu. Mapepalawo ayenda chaka chathunthu, kuchoka tebulo ili kupita tebulo ilo. Sabata yatha ndi pamene anandiitana kuti akandione ndi maso, atsimikize kuti ndine ndithu mkazi wa malemuwo.

Koma ndiyambe ndabwerera m'mbuyo pang'ono, kuti mumvetse. Ndinakwatiwa ndili kamtsikana, ndipo tsiku limene ndinalowa m'nyumba muno apongozi anga aakazi anandikhazika pafupi ndi mbaula n'kundiuza kuti, “Dzina la mwana wanga lisadzatuluke pakamwa pakopo. Mkazi akatchula dzina la mwamuna wake amamudulira masiku.” Ndinamva, ndipo ndasunga. Zaka zoposa makumi asanu, silinatulukepo, ngakhale nditakwiya, ngakhale kutulo. Ndikafuna kuwaitana ndinkangoti, “Tamverani.” Brijlal atabadwa zinaphweka, anakhala bambo a Brijlal. Akabwera owerenga anthu kudzafunsa mwini nyumba, ndinkakuwira mnzanga wa kuseri kwa mpanda kuti adzandiyankhire, nanenso ndinkamuyankhira akafika kwake.

Amuna angawo ankachita nazo nthabwala. Pa Holi, chikondwerero chopakana mitundu, ankadzipaka utoto nkhope yonse, n'kudzaima pakhomo la kukhitchini.

“Make Brijlal, pabwera mlendo. Tanena, ndine ndani?”

“Ndinu nyani wobiriwira,” ndinkatero.

“Nyaniyu alibe dzina?”

“Akafunse amake. Chokani, mundidethera ufa.”

Ankachoka akuseka, chaka chamawa n'kudzabweranso ndi funso lomwelo. Sanandikakamizepo, ndipo ndikuganiza kuti ndikanatchula akanadzidzimuka ndi iwowo.

Tsono ku ofesi kuja tinapita ndi Urmila pa basi yoyamba. Anthu anali kale pamzere mpaka pamasitepe. Itafika nthawi yanga, mlonda anati m'chipindamo amalowa mmodzimmodzi, Urmila n'kutsala panja. Kalaliki wake ndi wamng'ono kwa Brijlal. Anatsegula mapepala anga, anandiyang'ana, anayang'ana chithunzi, kenako anaphimba pepala ndi dzanja.

“Mayi, amuna anu anali ndani dzina?”

Ndinati, “Lili pansi pa dzanja lanulo, mwananga.”

“Kuwerenga ndimatha, mayi. Ndikufuna ndimve kwa inu. Mwezi watha kunabwera amasiye atatu a mwamuna mmodzi, onse akulira bwino. Kalata yaukwati mulibe. Nanga ndidziwa bwanji?”

Zoona, kalata yaukwati tilibe. Nthawi yathu kunalibe zimenezo. Mboni zathu zinali moto wopatulika wa paukwati ndi anthu amene anadya nawo phwando, ndipo ambiri mwa iwo anapita kalekale.

Chitseko chinali chotsegula, ndiye a pamzere ankamva zonse. Bambo wina anati, “Asiyeni agogo aganize, mwina analipo angapo.” Anthu anaseka. Mayi amene anali pambuyo panga, wovala zoyera za umasiye ngati ine, anasuzumira n'kundinong'oneza kuti, “Tchulani, achemwali. Anapita kale, simungawaphenso kachiwiri. Ine ndinatchula, ndipo onani ndikuyenda.”

Aphungu, ndinayesa. Ndinatsegula pakamwa. Dzinalo linafika apa pakhosi, lilime n'kuuma ngati phale. Ndinangoima ndikuyang'ana dzanja la mwana uja.

Sindikufuna mumuone ngati woipa. Anatuma mlonda kuti andipatse madzi, anandikokeranso mpando. Koma pomaliza anati, “Mubwerenso Lolemba la pambuyo pa Diwali, pakamwa patatseguka. Apo ayi mapepalawa ndiwabweza, mudzayambirenso poyamba.”

M'basi pobwerera Urmila sanandidzudzule. Anangondigulira mtedza wokazinga n'kumandisendera.

Ndalama imeneyi ndikuifuna, ndisakunamizeni. Gudumu linaima, palibe woliyendetsa. Brijlal amatumiza zimene angathe, koma ali ndi ana awiri pasukulu, ndiye kuwonjezera ine ndi matenda anga a shuga. Ndolo za Urmila zimene anabwera nazo kuchokera kwawo sindikuzionanso m'makutu mwake. Akuti zikumuyabwa. Apa wasiya kulemba, akuti zimenezo sizikukhudza nkhaniyi, koma ndamuuza kuti alembe. Inenso ndili ndi kanga kamene sakudziwa, akamva pompano: mapilitsi anga a shuga ndayamba kumadula pakati kuti azikhalitsa.

Brijlal pa foni akuti, “Amayi, ndi dzina chabe. Urmila amandiitana ndi dzina langa tsiku lililonse, kodi ndafa?” Mlamu wanga, mchemwali wawo wa malemuwo, amene ndi wamkulu kwa ife tonse, akuti, “Wasunga zaka zonsezi kuti ukagulitse pa tebulo la boma? Akadzakubwerera kumaloto udzawayang'ana ndi nkhope iti?”

Ine si wopusa ayi. Ndikudziwa kuti munthu safa kawiri. Chikundigwira ndi china, ndipo ndiyesa kuchinena bwinobwino. Tsiku la maliro amayi anzanga anandiswera zibangili. Anandipukuta utoto wofiira wa pamutu umene amadzola akazi okwatiwa. Nsalu zanga zamitundu anazipinda n'kuzigawa. Zonse zimene zinkaonetsa kuti ndine mkazi wa munthu zinachotsedwa ndi manja a anthu ena, ine nditangokhala. Chatsala chimodzi chokha ndi chimenechi, ndipo chili m'kamwa mwanga, palibe angachichotse koma ine ndemwe. Mmawa ndikaphika tiyi ndimapezeka ndanena kuti “Tamverani,” ndipo kwa kanthawi kochepa zimakhala ngati ali kuseri akusamba m'manja. Ndikuopa kuti ndikakatchula dzina lija pamaso pa anthu, ndiye kuti ndavomera, ndipo sadzakhalanso kuseriko.

Koma ndikayang'ana makutu a Urmila, mwana wa eniyu, manyazi amandigwira.

Diwali yayandikira. Nditani, Aphungu? Ndikatchule, kapena ndisiye mapepalawo abwerere?

K.B.,
Tikamgarh.

Mayi K.B.,

Tiyambe ndi mapilitsi. Lero lomwe lino, imwani monga anakuuzani adokotala, osadula. Shuga sadikira kuti mapepala atuluke. Urmila, poti ukuwerenga ndiwe, botololo uzisunga iwe kuyambira lero, ndipo upite nawo kuchipatala cha boma mukafunse ngati mankhwala amenewa sangapezeke kumeneko.

Mapepala musawalole kubwerera. Mwadikira chaka, ndipo ndalamayo si mphatso yochita kupempha. Koma sindikuona kuti njira ndi ziwiri zokha monga akukuuzirani mwana wanu ndi alamu anu. Kalaliki uja sakusowa dzina, ali nalo pansi pa dzanja. Akusowa chinthu chomutsimikizira kuti inu si mmodzi wa amasiye atatu aja. Mpatseni chimenecho, mochuluka mpaka asowe chofunsa.

Diwali isanafike, maofesi asanatseke, pitani ndi Urmila kwa mlembi wa khonsolo ya kwanuko. Munthu amene waumba nyale za mudzi wonse moyo wake wonse sangakhale wosadziwika. Mupemphe kalata yachidindo yonena kuti inu ndinu mkazi wa malemuwo. Mutenge khadi lanu logulira tirigu ndi mpunga, poti m'makhadi otere mayina a banja amakhala pamodzi. Mutenge kalata ya imfa. Brijlal atumize chithunzi cha chiphaso chake chimene pali dzina la bambo ake. Ndipo mnzanu wa kuseri kwa mpanda uja, amene wakhala akukuyankhirani zaka zonsezi, ngati akadali ndi mphamvu zokwera basi, apite nanu. Ntchito yake sinathe.

Mukafika, Urmila auze mlonda mwaulemu kuti ndinu wokalamba ndiponso wodwala, akufuna alowe nanu. Akakana, mupemphe kuonana ndi bwana wa ofesiyo, ndipo musachoke musanamuone. Kwa kalaliki munene mosabisa kuti, “Mwananga, dzinalo ndimalidziwa, koma mwambo wathu sundilola. Tchulani mayina angapo, mukafika pa lawo ndikweza dzanja.” Mayi anga ankachita zimenezo kubanki mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo sanabwezedwepo. Mwana amene anakukokerani mpando ndi kukupatsani madzi ali ndi agogo ake kwawo. Tsiku lija anthu anali akuseka, ndiye naye anauma mutu. Mukadzamufikira ndi mapepala okwanira, akhoza kusangalala kuti mwamupatsa potulukira.

Tsono ndikuuzeni zimene simunafunse. Apongozi anu anakuuzani zimene nawonso anauzidwa, ndipo munazisunga mwachikondi. Palibe woti akusekeni, ndipo bambo wa pamzere uja akufunika kuphunzitsidwa ulemu. Brijlal akulakwa ponena kuti ndi dzina chabe. Koma alamu anunso akulakwa. Munthu amene ankadzipaka utoto chaka ndi chaka kudzakunyengererani kuti mumutchule si munthu woti angadzakukwiyireni kumaloto. Ndipo ukwati wanu suli m'kamwa mokha ayi. Uli m'miyendo imene inaponda dothi lawo, uli mwa Brijlal, uli m'tiyi wa mmawa uja. Zimenezo palibe mayi mnzanu angaziswe kapena kuzipukuta. “Tamverani” wanuyo pitirizani kumunena, kaya mwatchula dzina kaya simunatchule.

Urmila, za ndolo zako ndamva. Penshoni ikayamba kubwera, amayi akafuna kukugulira zina usadzakane. Udzawalole, akufunika kuchita zimenezo.

Chenjezo langa lili pawiri. Panja pa maofesi otere pamakhala anthu okhala pansi pa mtengo ndi zikwama, amene adzakuuzani kuti iwo akhoza kukonza zonse popanda inu kuyankhula. Musawapatse mapepala anu, ndipo musadinde chala pa pepala lililonse limene Urmila sanakuwerengereni.

Lachiwiri ndi ili. Sindingakulonjezeni kuti kalaliki ndi bwana wake adzavomera. Akhoza kuumirira, ndipo zikadzatero ndikukupemphani kuti mudzasankhe moyo wanu, mudzatchule. Choncho musadikire Lolemba limenelo. Ngati dzinali liti lituluke, munthu woyamba kulimva asakhale kalaliki, pamaso pa mzere wa anthu oseka. Sankhani mmawa umodzi, ana atapita kusukulu, Urmila atapita kumsika. Tsekani chitseko, khalani pansi, mulinene motsitsa, kamodzi, kwa mwini wake. Boma lidzamve pambuyo pa iwo.

Aphungu