Ndinamasula mfundo za pa zingwe za bambo

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba. Bambo anga anadwala sitiroko. Anatuluka m'chipatala, tikuyamika Mulungu, koma mawu sakutuluka ndipo dzanja lamanja ndi lofooka. Adokotala anati tiwapezere chochita ndi zala, chimene eni ake amachikonda, osati chowakakamiza.

Chimene amakonda tonse timachidziwa. Kale ankakonza mawailesi ndi ma TV, ndipo m'chipinda mwawo anasunga makina awiri akalekale: kompyuta yooneka ngati makina otaipira onenepa, yolumikiza ku TV, ndi kabokosi ka magemu. Pansi pa bedi pali katoni ya zingwe zolumikizira zogwirira za m'manja ku makinawo, zina zazifupi zosinthira mutu, zija amati maadaputa. Ine, kunena zoona, ndinkaziona ngati zachibwana. Ndinawauzapo kuti munthu wa imvi nthawi imeneyo akanamawerenga Mawu a Mulungu. Anangoseka n'kunena kuti, "Iwe zindipempherera, ine ndikulumpha maenje m'gemu muno."

Ali m'chipatala ndinati ndiwakonzere chipinda. Ndinapeza zingwe zambiri zili ndi mfundo pafupi ndi mutu, china imodzi, china ziwiri, china mfundo yake ili pakatikati. Ndinkayesa zangopiringizana. Ndinakhala pansi, uku ndikuimba nyimbo zakwaya, n'kumasula zonse, kupukuta, kuzibwezera m'katoni. Mayi anga ataona anagwira pakamwa. Akuti mfundozo zinali zizindikiro za bambo, chifukwa ankati timapepala tomata timayoyoka koma mfundo siichoka. Tanthauzo lake mayi salidziwa, ankalidziwa eni ake okha.

Mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, anati ndisadandaule, chingwe chikalowa ndiye kuti n'chomwecho. Anatola chimodzi, chinalowadi bwinobwino m'kabokosi ka magemu kaja. Posakhalitsa tinamva fungo la pulasitiki yopserera, ndipo mpaka lero sikakuyaka. Iye akuti kanali kakufa kale. Akandiona amandiseka kuti ukhondo wanga udzatha ndi nyumba yomwe.

Yatsala kompyuta ija, yomwe bambo amaikonda koposa. Tsiku lililonse amayang'ana pa shelefu pamene imakhala, kenako n'kundiyang'ana ine. Ndimanamizira kukatenga madzi. Sindinawauze chilichonse. Mlamu akufuna kuyesanso Loweruka, akuti tizilowetsa chimodzichimodzi mpaka chigwire. Koma mitu yake ikufanana pafupifupi yonse, timabowo tisanu pamwamba, tinayi pansi. Ndapemphera, ndasala kudya, zingwezo zikungofananabe. Nditani kuti ndisawaphere chokhacho chawatsalira?

Ine wosowa mtendere,
L.K.

Mayi L.K.,

Loweruka mlamu wanuyo mumulandire bwino, mumupatse tiyi, koma katoni asaikhudze. Mutu wa timabowo tisanu ndi tinayiwo unkapezeka pa makina ambiri akale, koma mkati mawaya ankawalumikiza mosiyanasiyana. Kabowo kamene pa makina ena n'ka batani, pa ena mumadutsa magetsi. Fungo munamva lija ndi umboni wokwanira.

Yalani zingwezo patebulo, kompyuta ili yosalumikiza ku magetsi. Adaputa imadziwika ndi mitu yake yonse iwiri, choncho onani uku ndi uku: timano kapena timabowo, tingati, tandandalikidwa bwanji. Pendekerani mutu uliwonse pa kuwala, nthawi zambiri pamakhala timalemba kapena nambala. Jambulani ndi foni, pamodzi ndi dzina ndi nambala ya pansi pa kompyutayo, mutumize m'magulu a pa intaneti a anthu okonda makina akale. Kenako mupeze wokonza zamagetsi, makamaka wachikulire, ayeze ndi mita yoyezera magetsi kuti waya aliyense akuchokera pati ndipo akukathera pati.

Musazikulungenso zingwezo. Chingwe chakale chimasunga mapindiko, ndiye mukayendetsa chala mutha kumva pamene panali mfundo.

Koma wodziwa weniweni mukumuthawa ndi kapu ya madzi. Bambo anu ataya mawu, koma maso amene akuyang'ana pa shelefuwo akudziwa chimene akufuna. Auzeni lero lomwe zimene zinachitika, ndi za kabokosi kaja zomwe. Akakwiya asiyeni akwiye, katundu ndi wawo. Mtima ukatsika, ikani kompyuta poti aziiona, muziwaikira zingwe pabedi zochepazochepa, n'kumafunsa mafunso oti angogwedeza kapena kupukusa mutu. Chimene asankhe, wa mita uja atsimikize musanalumikize. Ndipo mfundo amangenso okha, ndi dzanja lofookalo, ngakhale zitenge masana onse. Zala zija adokotala ananena zayamba ntchito pamenepo. Inu mukhale pambali, muphunzire tanthauzo la mfundo iliyonse.

Za kusala kudyazo, idyani mayi. Munasesa chipinda cha bambo anu odwala, simunabe kanthu.

Chenjezo langa ndi ili: musalowetse kapena kuzula chingwe makina akuyaka. Chokana kulowa musachikakamize, cholowa msanga musachikhulupirire. Ndipo mukadzapezanso mfundo m'chipinda cha bambo, ingoipukutani fumbi.

Aphungu